Galimoto ndi ya achimwene, woyendetsa ndine: mmene anandithandizira a inshuwalansi pa Chitakale

Kuno ku Mulanje tilipo ambiri amene tikuyendetsa magalimoto oti si athu, mwini wake ali ku Joni kapena ku Lilongwe pantchito, iwe anangokusiyira makiyi kuti uziona za pakhomo. Ine ndimayendetsa Sienta ya achimwene anga aakulu amene ali ku Johannesburg. Anagula ndi ndalama zawo, bulu buku ili m'dzina lawo, anandisiyira kuti ndizitengera amayi kuchipatala ku Mulanje Mission komanso nthawi ya nanazi ndizinyamulira kupita ku Limbe. Ndiye ndati ndilembe za kaofesi ka ejenti wa inshuwalansi kamene ndinapitako pa Chitakale, mwina wina zimuthandiza.

Inshuwalansi yakale itatsala pang'ono kutha ine maganizo anga anali oti ndikangodula ina m'dzina langa basi, poti woyendetsa ndine, ndalama ndikutulutsa ndine, apolisi akaimitsa pa rodibuloko amafunsa ine. Panalinso mnyamata wina wa dobadoba amene anandiuza kuti ndingomupatsa ndalama ndi nambala ya galimoto, madzulo ndilandira pepala, za dzina zilibe ntchito. Chinandipulumutsa ndi choti tsiku limenelo foni yake inali yothima, ndiye ndinangolowa mu ofesi muja.

Ndinapezamo mayi mmodzi ndi kamtsikana kapakompyuta. Mayiwo atangoona bulu buku ndi laisensi yanga anati, "Achimwene, mayinawa akusiyana, mwini galimoto ali kuti?" Nditawafotokozera sanandithamangitse komanso sanangolandira ndalama ayi, anandikhazika pansi. Anati inshuwalansi imatsata munthu amene angaluze chinthucho chikawonongeka, ndipo pamapepala munthu ameneyo ndi achimwene osati ine. Ndikadula m'dzina langa ngati kuti galimoto ndi yanga, pepala lituluka bwinobwino, pamsewu ndidutsa, koma tsiku langozi kampani ikadzafunsa bulu buku n'kupeza dzina lina, pamenepo ndi pamene zimavutira. Njira yake anati ndi yoti polise, pepala la mgwirizano wa inshuwalansilo, ikhale m'dzina la mwini, ineyo ndilembedwe kuti ndine woyendetsa ndi chilolezo chawo, olipira akhale aliyense zilibe kanthu.

Zimenezi zinanditengera masiku atatu m'malo mwa tsiku limodzi, chifukwa achimwene amayenera kutumiza chithunzi cha chiphaso chawo ndi kalata yosaina yondiloleza, ndipo kuntchito kwawo saloledwa kugwira foni masana. Ndinakwiya ndithu tsiku loyambalo, transipoti yobwerera kunyumba ndinaiona ngati yotayika. Koma pano ndikuthokoza.

Chachiwiri chimene ndinawakondera anandifunsa mafunso oti wina aliyense sanandifunsepo. Galimoto imagona kuti, pali winanso amene amaiyendetsa, mumanyamula anthu olipira? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri kwathu kuno, tonse tikudziwa mmene ma Sienta amadzazira anthu kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbuli ndi ku Muloza tsiku lamsika. Mayiwo ananena mosabisa kuti ngati wadula ya galimoto yapakhomo koma ukuyendetsa ngati takisi, ngozi ikachitika kampani ikhoza kukana, ya matola ili ndi mtengo wake ndi mapepala ake. Ine sindinyamula anthu olipira koma za nanazi ndinawauza, analemba.

Anandifotokozeranso kusiyana kwa third party ndi comprehensive m'Chichewa chomveka. Third party ndi imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu, koma imalipira anthu ena amene wawavulaza kapena kuwawonongera katundu, galimoto yako ikaphwanyika uona wekha, pomwe comprehensive imalipiranso galimoto yakoyo ikawonongeka pangozi. Ine ndinkaganiza kuti bola pali inshuwalansi ndiye kuti zonse zili m'manja mwawo. Ndinakumbuka mmene namondwe wa Freddy anachitira kuno mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri, ndiye ndinafunsa za madzi osefukira, anati third party siikhudza zimenezo ngakhale pang'ono, ndipo ngakhale pa comprehensive uziwerenga polise yako uone ngati zalembedwamo. Ndinawaimbira achimwene usiku, anati galimoto imeneyo anaivutikira zaka, tidule comprehensive, iwo awonjezera ndalama. Ndi yodula, sindinama, kusiyana kwake ndi third party ndi kwakukulu ndipo kwa munthu wodalira tiyi ndi nanazi si zophweka.

Patapita miyezi ingapo zinachitika. Ndikuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Thyolo m'mawa kuli chiperoni, nkhungu yoti sungaone patali, nditadutsa Bvumbwe galimoto yakutsogolo inaima mwadzidzidzi ndipo ndinaigunda kumbuyo. Palibe anavulala, Mulungu ndi wabwino, koma bampala, nyali imodzi ndi boneti zinapita. Ndinawaimbira mayi aja ndili pompo ndikunjenjemera, anandiuza kuti ndisagwirizane chilichonse ndi mwini galimoto inayo pamsewu, ndijambule zithunzi, ndidikire apolisi a trafiki kuti pakhale lipoti. Kenako anafuna lipoti la apolisi, laisensi yanga, COF (pepala losonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), bulu buku, ma koteshoni a kugalaja ndi fomu yosainidwa ndi achimwene. Dzina la pa polise ndi la pa bulu buku linali limodzi, langa linali pomwepo ngati dalaivala, palibe anandifunsa kuti iwe ndiwe ndani. Ndinakhala pa benchi paja ndikuganiza za pepala la dobadoba lija mtima unachita kuti myuu.

Koma zodandaula zilipo ndithu. Choyamba za excess, kandalama kamene umalipira wekha kampani isanaikepo yake, sanandiuze momveka tsiku lodula. Zinalembedwa mu polise inde, koma m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, ndinazimva bwino ngozi itachitika kale ndipo ndinachita kukakongola. Munthu amene anandifotokozera zina zonse bwino chonchija anayenera kunenanso chimenechi. Chachiwiri kuchedwa. Zonse zimagamulidwa ku Blantyre, kaofesi kapa Chitakale kamangotumiza mapepala, ndiye woyesa galimoto anachedwa kubwera, galimoto inakhala kugalaja masabata angapo, amayi ndimachita kuwakweza kabaza wa njinga yamoto kupita kuchipatala ndi miyendo yawo yotupa ija, zinandiwawa kwambiri. Netiweki nayo imavuta, kawiri konse ndinapeza kompyuta siikugwira n'kubwerera. Foni ya mu ofesi sayankha kawirikawiri, bola ya m'manja ya mayiwo.

Chinanso dziwani, ndalama sizinadutse m'manja mwanga, kampani inalipira galaja mwachindunji, ndipo anandiuza kuti galimoto ikanatheratu ndalama ikanapita kwa achimwene poti mwini ndi iwo. Ine zimenezo sindikuona vuto, koma ngati inu munagula galimoto kwa munthu ndipo simunasinthe dzina ku Road Traffic, pitani mukasinthe musanadule comprehensive, mayiwo anati anthu otere amawafikira pafupipafupi.

Chaka chino ndadulanso pompo. Ndawapempha kuti za excess aziwauza anthu pakamwa asanalandire ndalama, anavomera kuti pamenepo analakwitsa. Kalata ya achimwene ndinaikutira mu pulasitiki, imakhala m'galimoto limodzi ndi polise.