Miyezi 9 ndi zida zanga zowedzera nsomba za carp kuno ku Joni

Amene munkafunsa kuti seti yowedzera ija ndinagula mu September ikuyenda bwanji, nde nayi nkhani yake. Paja inali yotchipa, ndodo ziwiri za 12 ft, ma reel (zopukusira chingwe) awiri a mtundu wa baitrunner, kasitandi kogonekapo ndodo ndi tima alamu tiwiri tolira nsomba ikadya nyambo. Pano tili mu June, ndakhala ndikupita nazo pafupifupi Sande iliyonse yomwe sindili pa shifiti, kwambiri ku Homestead Dam ku Benoni, kawiri kokha ku Hartbeespoort.

Ndodo zilibe mlandu. Zagwa m'bakkie, mwana anapondapo imodzi, koma zikuponyabe kutali bwinobwino. Vuto linali kamphete ka kunsonga komwe kanamatuka mu January, ndinakamata ndi guluu basi mpaka lero kali phee.

Ma reel ndiye pali nkhani. Baitrunner ubwino wake ndi woti nsomba ikatenga nyambo chingwe chimapita chokha, ndodo siikokeredwa m'madzi, iwe ukangopukusa chogwirira imagwira. Miyezi inayi yoyamba zinali bho, kenako imodzi inayamba kulira khwekhwekhwe ngati muli mchenga, ndipo ndithu munali mchenga poti ndinali ndi chizolowezi chongoiponya pansi ndikamamanga nyambo. Ndinaimasula, kutsuka, kupaka girisi, yabwerera koma osati mmene inalili. Inzake ija yachita dzimbiri pa sikuluu yokha. Chingwe chomwe chinabwera nazo musachikhulupirire abale, chinali chopotanapotana ngati waya wa ketulo, ndinachichotsa mwezi woyamba womwewo.

Tima alamu tija ndi ndalama yotaya. Kamodzi kanafa tsiku lomwe mvula inatipeza, paja mvula ya masana kuno imabwera ndi mphezi zoopsa ndipo ndodo zazitali chonchi suyenera kuima nazo panja, nde tinathawira m'galimoto kusiya zonse. Kenako kankangolira kokha usiku m'chikwama mpaka mayi akunyumba anakachotsa mabatire mokwiya. Pano ndikuchita zomwe anandionetsa madala ena achibunu omwe amakhala chapafupi nane pa damupo: umamata kampira ka nsima pa chingwe kutsogolo kwa ndodo, iwo amati polisieman, kakangonyamuka kapena kugwa ujeni wadya. Sikafuna batire.

Koma chomwe ndaphunzira m'miyezi yonseyi ndi choti zida si zomwe zinkandimana nsomba. Ine ndinakulira ku Mangochi, kuwedza kwathu kunali nyongolotsi pa mbedza basi, nde masabata oyamba ndinkangogwira milamba, kuno amati barbel. Carp amafuna za chimanga. Mawedzedwe akuno amawatcha papgooi, pap ndi nsima yomweyi. Umaumba chimpira cha nyambo ya chimanga chophwanya, mieliebom, kuzungulira kasipuling'i ka pa trace (kachingwe ka kumapeto komangako mbedza) ya mbedza ziwiri yomwe amati Rietvlei, pa mbedza pakepo nkuika njere ya chimanga kapena ka floatie (kanyambo koyandama) koviika mu dip, timadzi tonunkhira nthochi kaya adyo. Chimpira chija chikafika pansi chimasungunuka pang'onopang'ono, carp amabwera akufufuza m'matope nkumeza ndi mbedza yomwe. Chinsinsi chili pa madzi othira, chikauma kwambiri chimaphulika mmwamba usanafikitse, chikanyowa kwambiri chimakhala gwa ngati mwala osasungunuka. Zinanditengera miyezi iwiri kuti dzanja lizolowere, ine munthu wodya nsima moyo wanga wonse, manyazi ake.

Tsiku lomwe ndinaikhululukira reel yolira ija linali mu March. Ndinafika 5 koloko mmawa, mpaka 10 koloko zii, ndikumwa tiyi wa mu flask ndayamba kale kuganiza zopakira. Ndikungoona polisieman uja kudumpha, chingwe kuthamanga ngati chakodwa ku minibasi. Mphindi zoposa 10 ndikulimbana nayo, manja njenjenje, ikafika pafupi ndi bango nkubwereranso pakati. Pa sikelo inakwana 6.5 kg, mamba ake akuluakulu ngati ma R5, tindevu tiwiri mbali iliyonse ya kamwa.

Ndinapita nayo kunyumba, ndipo apa ndinene chilungamo, carp si chambo. Minga zing'onozing'ono zili paliponse m'nyama ndipo kafungo ka matope sikanachoke ngakhale ndi mandimu. Mayi anangodya pang'ono nkunena kuti "bambo, ulendo wina mudzingojambula chithunzi." Nchifukwa chake pano ndimabweza m'madzi ngati anzathu akuno, komanso madzi a madamu ena sapatsa mtima woti udye zotulukamo. Ku Hartbeespoort namasupuni amachita kutseka madzi, mphepo ikangotembenuka malo ako oponya atha. Kwathu nsombayi boma linaletsa kuweta poopa kuti ingaononge nsomba za m'nyanja yathu, nde ambiri tikuionera konkuno.

Laisensi yowedzera nsomba dulani musanapite, si yodula koma imafunika.

Nyengo yozizira ino akudya mwaulesi, Sande yathayi ndakhala maola 7 chisanu chili mbuu pa udzu, kugwira kamodzi kokha kakang'ono. Ndodo ndikhala nazo, reel yolirayo ndiisintha ikafika September. Ka alamu kotsalako amene akukafuna abwere adzatenge ulere, mabatire agule yekha.