Nsungwi ya mwayi ndi mphaka wokodola: choyenera madola anu n'chiti?

M'mashopu ogulitsa zokongoletsera m'nyumba muno mu Harare mwachuluka tinthu ta mwayi tochokera kunja. Atatu amene amaoneka kwambiri ndi mphaka wokodola ndi dzanja, mkanda wabuluu wokhala ngati diso, ndi kamtengo ka m'madzi kotchedwa lucky bamboo, kutanthauza nsungwi ya mwayi. Funso loti amabweretsadi mwayi tilisiyire mwini wogula. Ife tikuona ngati katunduyo ndi wolimba.

Mphaka uja kwawo ndi ku Japan, osati ku China monga ambiri amaganizira, ndipo dzina lake ndi maneki-neko. Wokweza dzanja lamanzere akuti amaitana makasitomala, walamanja amaitana ndalama. Ndiye wa tuckshop ku Mbare kapena ku Highfield ayang'ane dzanja asanalipire. Wa pulasitiki woyendera kasola amaima akangoikidwa pa shelefu ya mkati mopanda kuwala, ndipo kachitsulo kolendewera dzanja kakapindika basi, watha. Wadothi wosagwedezeka ndiye amakhalitsa.

Mkanda wa diso, nazar, ndi wa ku Turkey, ndipo ntchito yake ndi ngati mphinjiri ija agogo ankamangirira mwana m'chiuno. Weniweni ndi wagalasi, wolemera ndi wozizira m'manja. Kwawoko ukasweka amati wagwira diso la wanjiru, agule wina. Wapulasitiki susweka, umangofwifwa ndi dzuwa.

Chimene chili choyenera ndalama ndi kamtengo kaja. Choyamba, si nsungwi ayi. Dzina lake ndi Dracaena sanderiana, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'nkhalango za pakati pa Africa, ku Cameroon ndi maiko oyandikana nako. Anthu a ku China ndiwo anakaveka tanthauzo, ndipo tanthauzolo lagona pa chiwerengero cha timitengo. Tiwiri n'ta chikondi, titatu n'ta chimwemwe, chuma ndi moyo wautali, 8 n'ta kulemera chifukwa m'chinenero chawo liwu la 8 limamveka ngati la kupeza chuma. N'chifukwa chake masewera a Olympic a ku Beijing anatsegulidwa pa 8 August 2008 nthawi ya 8 koloko madzulo. Tinayi musapatse munthu wa ku China kapena ku Japan, poti liwu la 4 limafanana ndi la imfa. Kwa iwo ndi malodza enieni, ngati kadzidzi kulira padenga kwathu. Mitundu inanso ili ndi nambala zake zoopa: ku America nyumba zambiri zosanja zimadumpha nambala 13 powerenga nsanjika, ku Italy amaopa 17.

Posankha, finyani tsinde pang'ono. Likhale lolimba ndi lobiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mizu yofiirira ngati lalanje ndi yabwinobwino, koma yakuda, yoterera ndi yonunkha yawola. Pamwamba podulidwa payenera kukhala pomatidwa ndi phula. Kawaya kagolide komangira timitengo kamasuleni pang'ono, chifukwa tsinde likamakula kamalidya.

Chimene chimapha kamtengoka mu Harare ndi madzi. A pampopi ali ndi chlorine, amene amawaula nsonga za masamba. Tungani m'ndowa, musavundikire, akhale tsiku lathunthu kenako muthire. A pa borehole ena ali ndi mchere wambiri, ndipo mudzaona zoyera zikukangamira pa botolo ndi pa timiyala. Amenewo kuwasiya tsiku sikuthandiza. Abwino koposa ndi a mvula, choncho kuyambira November sungani m'zigubu. Madziwo angomiza mizu, masentimita 3 mpaka 5, osati kudzaza botolo, poti tsinde lomira limawola. Sinthani sabata iliyonse n'kutsuka timiyala, apo ayi mukuweta udzudzu pabalaza. Botolo loonekera mkati limamera ndere msanga kuposa chikho chadothi.

Dzuwa lachindunji la pawindo limawotcha masamba, makamaka mu October. Mu June ndi July kachotseni pafupi ndi galasi usiku, poti ndi kamtengo ka kotentha ndipo chisanu cha kuno sikachipirira. Feteleza wamadzi, dontho limodzi pa miyezi iwiri lakwana. Wochuluka amasandutsa masamba achikasu.

Tsinde likachita chikasu silibwereranso. Lichotseni lisanawoletse anzake. Ngati pamwamba pali mphukira yobiriwira, iduleni ndi mpeni woyera, muiike m'madzi, imera mizu pakatha masabata angapo. Ndipo apa pali kamsampha kwa okhulupirira: mwa tisanu kamodzi kakafa, mwatsala ndi tinayi.

Timitengo ta tsinde lopotapota n'tokwera mtengo chifukwa alimi amatitembenuza pang'onopang'ono kuti titsate kuwala, ntchito ya miyezi yambiri. Mphukira zatsopano zidzamera zowongoka, choncho kulipira zambiri chifukwa cha kupotako n'kwa wofuna mphatso yooneka bwino basi. Pakhomo pamene pali mphaka kapena galu, kaikeni patali, chifukwa masamba ake amasanzitsa ziweto zikawatafuna.