A cena col vampiro kapena Una notte al cimitero: muyambe ndi iti?

Anzanga okonda mafilimu oopsa akale a ku Italy akhala akundifunsa kuti pa awiriwa ndi iti yoyenera kutayirapo ndalama. Onse ndi a wojambula mafilimu Lamberto Bava, mwana wa wojambula mafilimu winanso, Mario Bava, ndipo ali m'gulu la mafilimu anayi a Brivido giallo amene anapangira wailesi ya kanema chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Choncho amene mukufuna magazi osefukira ngati a mu Dèmoni, filimu yake ya 1985, bwezani mtima. Apa mantha ndi osakaniza ndi nthabwala.

Ine ndili kumbali ya A cena col vampiro, ndipo sindibisa. Achinyamata anayi ofuna kutchuka pa zisudzo aitanidwa kunyumba yachifumu ya Jurek, mkulu wojambula mafilimu oopsa. Pa chakudya chamadzulo iye awaululira kuti ndi namapopa weniweni, watopa nawo moyo wosatha, ndipo akufuna amuphe kusanache. George Hilton, yemwe ambiri timamudziwa m'mafilimu a makaubhoyi a ku Italy, ndiye akusewera ngati Jurek ndipo wanyamula filimu yonse. Amalankhula mwaulemu ngati mwininyumba wolandira alendo, kwinaku akuwayang'ana pakhosi. Anajambulira kunyumba yachifumu ya Castello di Sammezzano ku Toscana, ndipo makoma ake a mitundumitundu aja amakongoletsa chithunzi chilichonse ngakhale nthabwala ikalephera. Zina zimalepheradi, makamaka za wantchito wa Jurek wa linunda.

Tsono Una notte al cimitero ya 1987. Iyi ndiyo inandipweteka mtima. Ndinaitanitsa DVD yake kunja chifukwa cha chikuto chochititsa nthumanzi, mtengo wotumizira n'kuposa wa DVD yeniyeniyo, itafika n'kupeza kuti mulibe mawu a Chitaliyana, muli a Chingerezi ochita kulowetsamo okha, osagwirizana ndi milomo. Zimenezo ndikanapirira nkhani ikanakhala yogwira. Chiyambi n'chabwino ndithu: achinyamata asanu aba m'sitolo, athawa apolisi pa galimoto, asochera mu nkhungu, n'kukafika pa bala yachilendo pomwe abetcherana kuti akagona usiku wonse m'manda a pansi pa nthaka atenga chuma. Koma akangotsikira pansipo nkhani yaima. Amangoyendayenda m'makonde, kukuwa, kubwerera pomwe anachokera. Anamapopa amadzuka m'mabokosi kanthawi kochepa, osaluma munthu ndi mmodzi yemwe. Malo okhawo amene ndinaseka ndi pomwe banja la mitembo likudya patebulo, litaona anthu amoyo n'kuthawira lokha m'mabokosi mwake. Mapeto ake ndiye osanena. Mwini bala uja, amene filimu yonse yakhala ikumukweza ngati imfa yeniyeni, agonja mosavuta moti umadzifunsa kuti mantha onse aja anali a chiyani.

Pa nyimbo palibe wopambana, wopeka nyimbo Simon Boswell alimo monse muwiri. Pa zodzola za zilombo, ya kumanda ili ndi nkhope zambiri zoola, pamenepo ndiyivomereze.

Koma ngati mwabwerera namapopa, gulani ya Jurek, ndipo mufunse kaye wogulitsayo ngati muli mawu a Chitaliyana musanalipire. Ya kumandayo mubwereke kwa mnzanu.