Kuunikirana zithunzi za nyumba zakale: Facebook, kagulu ka WhatsApp, kapena kukajambula limodzi?

Munthu amene wajambula njerwa zokongoletsedwa za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, kawirikawiri amapeza kuti pachithunzi nsanja zapendekera kumbuyo ndipo kamangidwe ka njerwa kamene kanamukopa sikakuoneka bwino. Mwini chithunzi sazindikira msanga zolakwika zotere, popeza m'maganizo mwake akuonabe nyumba yeniyeniyo, choncho amafunika maso a anzake.

Gulu lalikulu la pa Facebook lili ndi ubwino umodzi umene sindingaupeputse: mwa anthu ambiriwo simulephera kupezeka wodziwa mbiri ya nyumbayo, amene angakuuzeni ngati mwasokoneza dzina kapena chaka. Pa nkhani ya kajambulidwe, thandizo lake ndi lochepa. Ambiri amayamikira malowo osati chithunzicho, ndipo amene waona cholakwika amachita manyazi kudzudzula mnzake pagulu. Komanso Facebook imapanikiza zithunzi kuti mafayilo ake achepe, moti timizere ta matope a pakati pa njerwa, tomwe ndi mtima wa chithunzi chotere, timafafanizika.

Kagulu ka WhatsApp ka anthu ochepa odziwana n'kamene ndimakakhulupirira kwambiri, koma kamagwira ntchito pokhapokha pakatsatidwa zinthu ziwiri. Choyamba, chithunzi chitumizidwe ngati document, chifukwa chikatumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo zolembedwa za mkati mwake zosonyeza lenzi ndi nthawi imene chinajambulidwa zimachotsedwa. Chachiwiri, wotumizayo afunse funso lolunjika. Akafunsa kuti "Chili bwanji?" amayankhidwa kuti chakongola, pamene akafunsa chifukwa chimene mphuthu za chitseko zikuoneka ngati zikukumana kumwamba, wina amamufotokozera kuti analozetsa foni m'mwamba ataima pafupi kwambiri. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo, kusankha lenzi ya 2x (yokulitsa chinthu kawiri) ngati foniyo ili nayo, kuyatsa mizere ya grid (mizere yopingasana yooneka pa sikirini ya kamera) ndi kugwira foni mowongoka. Chithunzi chojambulidwa kale chikhoza kuwongoledwa ndi chida cha Perspective mu Snapseed, pulogalamu ya pa foni yokonzera zithunzi, ngakhale kuti kuwongolako kumasokoneza m'mphepete, ndiye ndi bwino kusiya mpata kuzungulira chinthucho pojambula. Vuto la njirayi ndi lakuti mafayilo athunthu amadya bandulo, ndiponso ngati onse m'kagulumo angoyamba kumene, cholakwika chimodzi chikhoza kuwadutsa onse.

Kukajambula limodzi kumaphunzitsa chinthu chimene njira ziwiri zija sizingathe, chomwe ndi kuwala. Dzuwa la m'mawa kapena la kumadzulo limagwa chammbali, ndipo kanjerwa kalikonse kotulukira kunja kamakhala ndi mthunzi wake, pamene kuwala kochokera kumbuyo kwa wojambula kumachititsa khoma kuoneka losalala. Pa Mandala House, nyumba ya mu 1882, vuto ndi lina: khonde lili mumthunzi pamene bwalo lawala, ndipo foni ikasiyidwa yokha imadetsa khondelo kapena kuyeretsa bwalolo mopitirira. Mnzanu amene waima nanu amangokuuzani kuti mukhudze sikirini pamene pali chinthu mukufunacho, kapena musunthe pang'ono, n'kuona kusiyana kwake nthawi yomweyo. Pa nyumba zopemphereramo, kupempha chilolezo kwa oyang'anira musanatulutse foni ndi ulemu wosayenera kuiwalika.

Komabe njira imeneyi imafuna nthawi ndi ndalama zoyendera, ndipo pa ulendo wautali sikawirikawiri kukhala ndi anzanu ojambula. Amene wapita ku Likoma pa sitima ya Ilala kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter, chomwe ntchito yake inayamba mu 1903, sangabwerere mawa lake chifukwa chakuti wauzidwa kuti zipilala zapendeka. Pa chifukwa chimenechi, ndikulangiza kuti kujambula limodzi kuchitikire pa nyumba zapafupi ulendo usanafike, ndipo muli paulendopo muzitumiza zithunzi ziwiri kapena zitatu ku kagulu ka WhatsApp madzulo, netiweki ikalola, kuti zimene anzanu aona mukazikonze m'mawa musananyamuke.