Kuyenda ndawala ndi kunyamula zigubu: zomwe ndaona chiyambireni nyengo ya chiperoni

Adokotala atandiuza kuti ndili ndi metabolic syndrome, anafotokoza kuti si matenda amodzi, koma mavuto asanu amene amakonda kubwera pamodzi: mimba yaikulu, BP yokwera, shuga wokwera, mafuta ochuluka m'magazi, ndi kuchepa kwa kolesitolo wabwino uja amati HDL. Ukakhala ndi atatu mwa amenewa ndiye kuti uli nayo, ndipo matenda a shuga, sitiroko ndi a mtima sakhala patali. Ine, wazaka za m'ma 60, ndinapezeka ndi atatu oyambawo.

Ndinayamba masewera olimbitsa thupi mu June, chiperoni chili pachimake. Malangizo a bungwe la WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera opumitsa wefuwefu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Kuyenda sikunandivute. Kwathu kuno ku Chilomoni zitunda n'zosachita kufunafuna, ukangolunjika cha ku Michiru mtima umagunda mokwanira.

Chimene ndikufuna anzanga achikulire amve ndi mbali yachiwiriyo, chifukwa ambiri timaithawa poganiza kuti kunyamula zolemera ndi za anyamata a ku jimu. Pamene ndinkangoyenda, mpweya unayamba kukwana bwino, koma podzuka pampando ndinkagwirabe mawondo. Nditawonjezera zolimbitsa minofu m'pamene thupi linasintha. Sindinagule zitsulo. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, ndiye ndimanyamula ziwiri, china uku china uku, n'kumazungulira nazo pabwalo. Ndimakhala pampando n'kudzuka osagwira paliponse, ndimakankha khoma ndi manja, ndipo ndimaima ndi mwendo umodzi pafupi ndi tebulo kuti ndisamadzandire. Minofu ndiyo imamwa shuga wambiri wa m'magazi, ndipo munthu akamakula minofuyo imanka nichepa. Ikachepa, shuga amasowa kolowera.

Lero ndimatsika minibasi ku Limbe popanda kondakitala kundigwira dzanja. Lamba wa thalauza ndasuntha bowo. Koma sikelo sinasunthe kwenikweni, ndipo izi zinandiwawa mtima mpaka anamwino atandiuza kuti ndizilabadira tepi yoyezera m'chiuno. Kwa abambo malire ake ndi masentimita 94, kwa amayi 80. Ine sindinafikebe pamenepo, koma ndikutsika. BP nayo yatsikako, ngakhale masiku ena imadutsabe 130/85. Mankhwala ndikumwabe monga mwa nthawi zonse, ndipo pasapezeke wosiya mankhwala chifukwa wayamba masewera.

Zovuta zilipo. Masabata oyamba thupi linkaphwanya kwambiri. Potsika chitunda mawondo amamva kuwawa kuposa pokwera, choncho ndimatsika pang'onopang'ono. Lamba wa labala wokoka polimbitsa minofu amene ndinagula pamsika anaduka dzuwa la October litangofika, pomwe zigubu zikadali bwinobwino. Chinanso chofunika kwa ife a BP: ponyamula cholemera musamabanike, muzitulutsa mpweya, chifukwa kubanika kumakweza BP mwadzidzidzi. Amene akumwa mankhwala a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin afunse kaye kuchipatala, poti shuga amatha kutsika mopitirira, ndipo ndi bwino kuyenda ndi siwiti m'thumba.

Mvula itayamba, njira zathu zinasanduka matope oterera, ndipo kwa munthu wa msinkhu wanga kugwa si nkhani yamasewera. Apa ndinaona ubwino wina wophatikiza ziwirizi: tsiku lolephera kutuluka, mpando ndi zigubu zili pakhonde pomwepo. Mai a kunyumba, amene poyamba ankangoonerera, tsopano amanyamula mabotolo a malita awiri. Mwezi wamawa tikupita limodzi kukayezetsanso magazi, ndipo ndikufuna kukafunsa ngati ndingawonjezere kulemera kwa zigubuzo.