Kachigayo kapamanja kopera chimera: nkabwino, bola mota isakathamangitse

Ndakapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa opanga anandisiyira ntchito yomwe anayenera kumaliza okha.

Ndimafulula thobwa ndi masese pakhomo, osati ogulitsa, koma a pachinkhoswe, pa Khrisimasi kapena kukabwera alendo. Chimera ndiye chinkandisautsa. Ukapita kuchigayo ndi kabeseni ka mawere amati udikire a chimanga athe, ndipo ufa umabwera utasakanikirana ndi mgaiwa wa eni ake wotsalira m'makina. Za mtondo msana unakana. Ndiye ndinagula kachigayo kachitsulo kopukusa pamanja, kaja komangirira m'mphepete mwa tebulo. Kapangidwe kake anaonera zigayo za Corona ndi Victoria za ku Colombia, koma kangaka nkongofanizira, kalibe ndi dzina lomwe, nchifukwa chake kanali kotchipa.

Ku Colombia zigayo zotere amaperera chimanga chophika, chofewa. Choncho musayembekeze ufa wosalala ngati woyera wa nsima. M'kati muli chitsulo chopotana chomwe chimakankhira mbewu pakati pa mbale ziwiri zamano, ina yokhazikika, ina yozungulira, ndipo kutsogolo kuli bawuti yomangira kapena kumasula mbalezo. Basi, palibenso china.

Katangotuluka m'katoni kanali ndi girisi komanso timanyenje ta chitsulo. Ndinayamba ndapera chimanga chofumbwa nkutaya, mpaka ufa unasiya kuda. Mbale yozungulira inkagwedera: mbali ina imapera, ina mbewu nkumadutsa zamphumphu. Ndinaikapo ma washer, tizitsulo taphwatalala tobowola pakati, kuti ikhale mowongoka, zinatheka. Koma munthu wosazolowera sipanala akhoza kukabweza tsiku lomwelo.

Kupukusa pamanja kumatheka ngati chimera nchochepa. Chikadzadza ndowa, phewa limayamba kulankhula. Ambiri amachotsa chogwirira nkulowetsapo bawuti, kenako nkumazunguza ndi drill, makina amagetsi oboolera aja. Ndinayesa, imaperadi, koma drill wamba imathamanga kwambiri, ndipo ukaichepetsa liwiro imatentha mpaka kununkha. Ndi njira ya tsiku limodzi, si yodalira.

Yomwe yandikhalitsa ndi mota ya makina akale ochapira zovala yomwe ndinagula pamsika. Mota zamtunduwu pa magetsi athu a 50 Hz zimazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, pomwe kachigayoka kamafuna kosapitirira 200. Masamu ake ngosavuta: pulley (gudumu loyendapo lamba wolumikiza mota ndi chigayo) ya masentimita 5 ku mota, ya masentimita 40 ku chigayo, liwiro limatsika kasanu ndi katatu nkufika pa 175. Pulley yayikulu choncho inali yodula kuposa chigayo chenichenicho, ndiye mnyamata wowotcherera zitsulo anagwiritsa ntchito limu ya njinga ya ana ya mainchesi 20, yomwe kukula kwake ndi komweko. Lamba amakhala bwinobwino mumsewu wa tayala.

Apa mvetsetsani, anzanga. Kachigayoka kalibe bearing, kachipangizo kochepetsa kukhuzana kwa zitsulo pozungulira, ndiye shafiti yake, chitsulo chozungulitsa mbale chija, imangokhuzana ndi chitsulo chinzake. Mukamangirira limu pa shafitiyo, lamba azikoka mbali imodzi, bowo nkukula, mbale nkuyambanso kugwedera, ndipo pamenepo palibe washer yomwe ingakupulumutseni. Ife tinaika limu pa shafiti yakeyake yokhala ndi ma bearing awiri, nkuilumikiza ku chigayo ndi kachidutswa ka paipi yarabala yolimba. Kamwala kakalowa, paipiyo imaterereka m'malo moti mano athyoke. Ndipo timiyala m'mawere opunthira pansi sitisowa, ngakhale mupete bwanji.

Chifukwa china chochepetsera liwiro ndi kutentha. Mphamvu ya chimera yosungunula phala nkulitsekemeretsa imafa ndi moto, nchifukwa chake amayi sathira chimera m'phala lobwadamuka, amadikira lipoleko. Mbale zikathamanga ufa umatuluka wotentha, thobwa nkukhala losakoma. Ine ndimaugwira ukamatuluka. Ukafunda kwambiri ndimazimitsa kaye.

Pa mbewu, mapira ndiwo amapereka bwino kopambana. Mawere ngang'ono, amafuna mbale zomanga, ndipo ndimapera kawiri nkusefa. Chimera cha chimanga ndimayamba ndachiphwanya mbale zili zomasuka, kenako nkumanga, apo ayi mota imabuula. Chilichonse chikhale chouma gwa, chachinyezi chimamata m'mano nkutseka. Mnzanga wina wofulula mowa wa balere anabwerekako, iye amamasula kwambiri kuti makoko asanyenyeke poti ndi omwe amasefa mowawo, ndipo anakhutira.

Kokhuthulira mbewu nkakang'ono, ndinawonjezera chigubu cha malita 5 chodula kunsi. Ufa umamwazika ponseponse, ndiye kutsogolo ndinavundikira ndi kandowa kobowola. Lamba ndi limu zitchingeni ndi thabwa: chitenje kapena chala cha mwana sichichedwa kukodwa, ndipo mbewu muzikankha ndi kamtengo, osati dzanja. Musakatsuke ndi madzi, kamachita dzimbiri usiku umodzi. Ndimangokapukuta ndi burashi, nyengo yamvula nkupakako mafuta ophikira pang'ono.

Ofulula masese a m'migolo, ogulitsa, akasiye, kadzawathera mwezi usanathe. Koma wofulula ndowa imodzi kapena ziwiri, amene sadana nkugwira sipanala, agule. Chogwirira chija musataye ndipo polumikizira pakhale posavuta kumasula, chifukwa magetsi akathima phala lili pamoto mudzapukusa ndi manja.