Kondomu, mapiritsi a PrEP kapena jakisoni: kusiyana kwake kuli pati?

Poyerekeza njira zopewera kachilombo ka HIV pogonana, funso lofunika kwambiri ndi lakuti ndani ali ndi mphamvu pa njirayo. Kondomu ndi yotsika mtengo, imapezeka m'magolosale ndi m'zipatala, ndipo mwa njira zitatuzi ndi yokhayo imene imatetezanso ku chinzonono, chindoko ndi mimba yosakonzekera. Vuto lake ndi lakuti pamafunika kuti onse awiri avomereze nthawi iliyonse, ndipo mayi wapabanja amene akukayikira mayendedwe a mwamuna wake sangaitchule popanda kuutsa mkangano m'nyumba.

Mapiritsi a PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa kuti asatenge kachilomboka, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mu 2015 kuti aziperekedwa kwa onse amene ali pachiopsezo chachikulu, amachotsa vuto limeneli chifukwa munthu amamwa payekha osapempha chilolezo kwa wina. Amateteza kwambiri akamamwedwa tsiku ndi tsiku, koma apa ndi pamene ambiri amalephera. Botolo lake limafanana ndi la ma ARV, choncho atsikana ena amalibisa poopa kunenedwa kuti ali ndi kachilombo, kenako amayamba kudumphitsa masiku mpaka kusiyiratu.

Ine ndikuona kuti jakisoni wa PrEP ndi amene akuyankha bwino nkhawa imeneyi. Wa cabotegravir, yemwe kafukufuku wake pakati pa amayi anachitikanso kuno ku Malawi, amabayidwa pa miyezi iwiri iliyonse, pamene wa lenacapavir ndi wa kawiri pachaka. Zotsatira za mu 2024 za kafukufuku wa ku South Africa ndi Uganda zinasonyeza kuti palibe mtsikana kapena mayi aliyense wobayidwa lenacapavir amene anatenga kachilombo. Komabe majakisoniwa sanafike m'zipatala zonse, ndipo mankhwala ake amatsalira m'thupi kwa miyezi yambiri munthu akasiya kubayitsa. Akatenga kachilombo panthawi imeneyo kangathe kuzolowera mankhwalawo, n'chifukwa chake kuyezetsa magazi sikusiyidwa.

Mdulidwe wa abambo umachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse, ndipo umateteza mwamuna yekhayo, choncho ndi wongowonjezera pa njira zinazi. Amene kondomu yamuphulikira asakumwa PrEP apite kuchipatala pasanathe maola 72 kukalandira PEP, mankhwala omwa kwa masiku 28.